Zitsulo Ziwiri za pa Injini ya Apongozi

Durban,
14 Ogasiti, 2024

Achimwene anga okondedwa a Bakali,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu anga a Celestina pamodzi ndi ana onse. Kodi chifuwa chija munachitenga pa nyanja nthawi ya mwera chinatha? Nanga amayi ku Mpondasi, mwendo wawo uli bwanji? Ndinamva kuti ayamba kuyenda ndi ndodo koma akukana kupita kuchipatala. Ine kuno thupi lili bwino, Alihamudulila. Mtima wokha ndi umene suli m'malo, ndipo n'chifukwa chake ndagwira bolopeni, chinthu chomwe ndinachisiya nditangotuluka sukulu.

Musaseke kuti mlongo wanu wabwerera ku nthawi ya Wenela. Kuyambira Lachinayi lapitali ndakuimbirani kakhumi ndi kanayi. Foni imalira mpaka kutopa yokha. Mwatumiza mawu kamodzi kokha, akuti netiweki ya ku Makanjira yavuta. Netiweki yomweyo, achimwene, imagwira bwinobwino mukafuna kundionetsa kampango amene mwapha. Tsono pepala silitha moto, silisowanso netiweki. Ndapempha a Simioni, omwe amatinyamulira katundu wopita kumudzi aja, kuti akupatseni m'manja mwanu, ndipo asadzuke pa mpando kufikira mutawerenga mpaka pa dzina langa.

Nkhani za kuno n'zochepa. Kuzizira kwayamba kutha, ngakhale m'mawa zala zimaumabe. Ntchito yosoka makatani ikuyenda. Mwezi uno tinalandira oda yaikulu ya hotela ina, moti msana ukundiwawa, ndipo singano inandibaya chala chachikulu mpaka chikhadabo chinachoka. Zimenezo n'zazing'ono. Chomwe chavuta m'tauni n'chakuti masiku ano apolisi akuyendera mafakitale kufunsa mapepala. Sabata yatha anatenga anthu pa fakitale ya nsapato yoyandikana ndi yathu, mmodzi mwa iwo ndi mtsikana wa ku Namwera amene tinkaswali limodzi. Foni yake sikugwira mpaka lero.

Tsopano ndilowe m'nkhani yomwe ndalembera. Ndiyambira pachiyambi penipeni ngakhale zambiri mukuzidziwa, chifukwa ndikufuna kuti ngati pakamwa panu palemera, mungotenga pepalali n'kukawawerengera apongozi anu a Lourenco. Iwo ayenera kumva nkhani yonse, osati chidutswa.

Munagwira ntchito m'maboti a eni zaka khumi ndi ziwiri. Chaka chatha munakhometsa boti lanu lamatabwa, koma linangokhala pa mchenga, nkhuku n'kumaikira m'menemo, chifukwa chosowa injini. Ine ndinalumbira mumtima kuti injiniyo idzachokera kwa ine. Yatsopano sindikanaikwanitsa. Ndiye mu Julaye ndinaona ina yogwirapo kale ntchito pa okushoni ya pa intaneti. A Lourenco akuidziwa okushoni ya fodya ya ku Limbe. Iyi ndi yomweyo, kungoti imachitikira m'foni. Wogulitsa amaika zithunzi n'kulemba mmene katundu wake alili, ogula amapikisana pa mtengo, nthawi ikatha wopambana watenga. Kampani ya okushoniyo imakhala pakati, imasunga ndalama, ndipo ndi imene imaweruza pakabuka mkangano.

Kuti munthu alowe m'menemo pamafunika chiphaso chamoyo ndi khadi la ku banki. Inu mukudziwa kuti masiku a m'pasipoti yanga anatha zaka ziwiri zapitazo. Ndiye anandibwereka dzina a Esime. Inu simunawaonepo, choncho ndikuuzeni kuti ndi ndani. Ndi mayi wachikulire wa ku Malindi, wa chalichi cha Angilikani, amasamalira nkhalamba pa nyumba ina kuno ndipo mapepala awo ndi okwanira. Nyumba yomwe tikukhala anachita lendi ndi iwowo. Pamene ndinafika kuno ndi chikwama chimodzi, munthu amene analonjeza kundichingamira atazimitsa foni, ananditola pa depoti ndi iwo. Si mbale wathu, si wa chipembedzo chathu. Koma mwezi wa Ramadhani amadyera kuchipinda kuti ndisaone chakudya, ndipo mphika wanga sanaphikiremo ngakhale kamodzi chinthu chimene ife sitidya.

Tisanayambe kupikisana, a Esime anavala magalasi n'kundiwerengera malamulo a kampaniyo pang'onopang'ono, ngati akuwerenga buku la m'chalichi. Anati wogulitsa udindo wake ndi kunena zoona, kuonetsa chilema chilichonse pa zithunzi, ndi kulandira katundu wake ngati wapezeka wosiyana ndi zomwe analemba. Wogula udindo wake ndi kudandaula masiku makumi atatu asanathe, kukhala ndi umboni, ndi kubweza katundu yemweyo, wathunthu, monga anamulandirira. Kenako anavula magalasi n'kundifunsa ngati mlongo wanga wa kunyanjayo ndimamukhulupirira, poti katunduyo akupita kutali kumene maso athu safika. Ndinayankha kuti ndimakukhulupirirani ngati dzanja langa lomwe. Mawu amenewo akundiwotcha mpaka lero.

Wogulitsayo, bambo wina wokhala m'tauni ya m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa kuno, analemba kuti injiniyo imalira bwino ndipo anaiyesa pamadzi. Anaika zithunzi khumi ndi chimodzi. Tinapambana patangotsala mphindi zochepa, ndipo ndinalulutira mpaka oyandikana nawo anabwera kudzafunsa ngati ndapeza banja. A Simioni anainyamula sabata yomweyo.

Zomwe zinachitika kumeneko mukuzidziwa kuposa ine. Tsiku lachiwiri injini inazima muli pakati, mwera uli mkati, ndipo munapalasa ndi nkhafi imodzi ndi thabwa la pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mutaitsegula munapeza mng'alu pa thupi la injini, wotsekedwa ndi zomatira n'kupakidwa penti pamwamba. Tsiku limene munanditumizira vidiyo ija sindinadye. Ndinkangoganiza kuti ndikanapha mlongo wanga ndi mphatso yanga yomwe, ndipo amayi ndikanawayang'ana ndi nkhope yanji.

A Esime anatumiza vidiyoyo ku kampani. Wogulitsa anayesa kuzemba. Poyamba anati katundu wakale amagulitsidwa mmene alili. Kenako anati mwina ndife tinaigwetsa pa njira. Koma a kampani anamukumbutsa kuti analemba yekha kuti anaiyesa pamadzi, ndipo penti ya pa mng'alu ija inkaoneka pa chithunzi chake chomwe, kungoti anajambula chapatali. Anagamula kuti alandire injini yake, abweze ndalama. Mlandu unali wathu, achimwene. Tinali titawina kale. Chomwe chinatsala kunali kungobweza chinthu cha mwini.

Mukukumbukira zomwe ndinanena pa foni? Ndinati muibweze monga inabwerera, ngakhale fumbi lake musapukute. Munayankha kuti mwamva. Ndinabwereza, ndipo munayankhanso kuti mwamva, n'kuwonjeza kuti sindikulankhula ndi mwana.

Nanenso ndili ndi kulakwa kwanga, sindibisa. A Simioni anafika nalo bokosi lija Lachisanu, patatsala masiku atatu okha kuti nthawi yobwezera ithe. Linali lokhomedwa bwino, zingwe zili ngwingwi, ndipo ndinayamikira mumtima kuti mlongo wanga ndi munthu waudongo. Sindinalitsegule. Komanso ndikanatsegula ndikanaona chiyani? Ine kabuleta ya injini sindingaisiyanitse ndi ketulo. Tinalipereka kwa otumiza katundu tsiku lomwelo. Pa foni panabwera mawu ofuna kuti mwini akaunti atsimikize kuti katundu ndi yemweyo ndipo palibe chomwe chachotsedwa. A Esime anandiyang'ana, ine ndinagwedeza mutu, iwo n'kudina. Ndiye kuti analumbira bodza ndi chala chawo, pa mawu anga.

Lachinayi lapitali ndili ku ntchito, a Esime ananditumizira uthenga kuti ndikaweruka ndisakhotere kwina. Nditafika anandipatsa foni. Inali vidiyo ya wogulitsa uja. Munthuyo si wopusa. Anajambula kuyambira pamene bokosi likadali lokhoma, akuzula msomali umodziumodzi. Anatulutsa injini, n'kuloza kabuleta: yakale, yakuda, yomangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga. Analoza pulopela: tsamba limodzi lobenthuka, mchenga uli m'mphako zake. Kenako anaika zithunzi zake zakale pambali. Zikuoneka kuti iye chitsulo chilichonse cha injini yomwe akugulitsa amachikhoma timadontho titatu ndi msomali, pamalo obisika. Pa zitsulo ziwiri zomwe zinabwererazo panalibe kadontho ngakhale kamodzi.

Ine sindinafunike timadontho kuti ndidziwe. Pulopelayo inali ndi penti yabuluu. Boti labuluu la mtundu umenewo pa gombe lanu lilipo limodzi lokha, la apongozi anu, ndipo ndinakwerapo tsiku la ukwati wanu. Ndinakhala pansi pa simenti.

Kumapeto kwa vidiyoyo bamboyo analankhula molunjika. Anati anthu amene anamuchita zimenezi ndi akuba, ndipo akatsegula mlandu kupolisi. Anawerenga dzina lomwe lili pa akaunti, dzina lonse la a Esime. Anawerenganso nambala ya nyumba yathu ndi msewu wake, kawiri. Munthu amene akanakuphani pa nyanja uja lero ndi amene akuyenda chifuwa chili patsogolo, ndipo tamupatsa mphamvu imeneyo ndi ife tomwe.

A kampani anaimitsa zonse ndipo akaunti ya a Esime anaitseka. Analemba kuti kulakwa kwa wogulitsa sikunafufutike, koma wogula nayenso waphwanya mbali yake, ndipo sangathandize munthu amene wabweza katundu wosinthidwa. A Esime anawalembera kuwachonderera, kufotokoza kuti injini inapita kunja kwa dziko ndipo inadutsa m'manja mwa anthu ena. Anatipatsa mpaka pa 5 Sepitembala. Zitsulo ziwirizo zikafika kwa mwini wake tsikulo lisanadutse, zomwezo za timadontho, nkhani ibwerera pomwe inali ndipo bamboyo wavomera pamaso pa kampani kuti za kupolisi azisiya. Zikapanda kufika, kampani isamba m'manja, iye apite kumene akufuna.

Za ndalama musaganize n'komwe. Zibwere, zisabwere, ndinazitaya kale mumtima. Chomwe chikundisowetsa mtendere ndi dzina la mayi uja.

Pemiti ya a Esime yokhalira kuno ikutha mu Novembala. Kuti aiwonjezere pamafunika kalata ya kupolisi yoti alibe mlandu uliwonse. Ntchito yawonso ndi yolowa m'zipinda za nkhalamba, kumene kuli mawotchi ndi mphete za eni. Mukuganiza kuti angawasunge tsiku limodzi atamva kuti ali ndi mlandu wakuba? Zaka khumi ndi zisanu agwira ntchito kuno osatola ngakhale supuni ya munthu. Ku Malindi akulera adzukulu atatu amasiye. Zonsezo zapachikika pa kabuleta ndi pulopela.

Chikundipweteka kwambiri n'chakuti sanandikalipire. Tsiku limenelo anangovula nsapato za ku ntchito, n'kukhala pa bedi, n'kundifunsa funso limodzi lokha, ngati ndinkadziwa. Ndinati ayi. Anati andikhulupirira.  M'mawa akundisiyirabe tiyi mu fulasiki monga kale. Koma ndikuwaona akuonda, ndipo dzulo anathira mchere kawiri mu ndiwo osazindikira. Bola akananditukwana, akanandiponyera katundu panja, mwina ndikanapuma.

Mantha agwira bwalo lonse. Pa mpanda pathu tilipo anthu asanu ndi anayi ochokera kumudzi, ndipo a mapepala ndi awiri okha. Apolisi akabwera kudzafuna a Esime sadzangotenga iwo n'kutsazika, adzafunsa aliyense amene adzamupeze. Pali mayi wina wa khanda la miyezi inayi. Anthu amene tinkadyera limodzi tsopano amasiya kulankhula ndikamadutsa. Bambo wina wa ku Katuli anandiuza pamaso kuti ngati ndili ndi umunthu ndisamuke ndisanawapalamulire onse. Sananame.

Lamlungu masana ndinkayanika zovala pamene galimoto ya apolisi inaima pa geti. Achimwene, sindikudziwa mmene ndinafikira m'chimbudzi cha panja. Ndinadzitsekera m'menemo nditagwira chitseko ndi manja awiri, ndikupemphera duwa iliyonse yomwe ndinaphunzira ku madarasa, mawu akusokonekera m'kamwa. Ndinakhalamo mpaka miyendo inachita dzanzi. Potuluka ndinamva kuti anangoima kudzagula ndudu pa kashopu ka pafupi. Beseni ndinalipeza litagudubuzika, zovala zonse zili m'dothi. Panopa galimoto iliyonse ikachepetsa liwiro pa msewu wathu, ndimathamangira kukasuzumira pa windo. Ku ntchito ndasoka katani imodzi mozondoka kawiri, ndipo abwana ayamba kundiyang'ana.

Tsiku lomwelo madzulo ndinalankhula ndi alamu anga a Celestina, ndipo anandiuza zonse. Musawakalipire. Ndinalira pa foni mpaka anamva chisoni, ndipo achita zomwe inu munayenera kuchita.

Ndikudziwa mmene munaganizira, chifukwa nanenso ndinakulira pa gombe. Kwathu injini yakufa imadyetsa zamoyo. Palibe amene amalola injini kuchoka pa mchenga ili yathunthu, poti chitsulo chimodzi munthu amachisaka mpaka ku Blantyre osachipeza. Munaona kabuleta yabwinobwino ndi pulopela yosabenthuka zikubwerera kwa munthu wachinyengo amene akanakumizani, munati ameneyu ali nazo zambiri, sangawerenge, ndipo ngakhale atawerenga ndi malipiro a tsiku lomwe munapalasa ndi thabwa. Pa gombe aliyense akanakuuzani kuti mwachita zanzeru. Mwinanso anakuuzanidi.

Ndamvanso mbali inayo. Injini ya a Lourenco inakhala pakhonde zaka ziwiri itafundidwa chiguduli. Inu munaikonza ndi zitsulo zimenezo, n'kuiliza anthu akuona. Alamu akuti tsiku limenelo, koyamba pa zaka zisanu ndi zinayi zomwe mwakhala pa chikamwini, apongozi anu anakuitanani kuti mudye nawo mbale imodzi, ndipo pa gombe anauza amuna anzawo kuti Mulungu anawapatsa mwana wamwamuna atakalamba. Nditamva zimenezo misozi inatuluka, chifukwa ndikudziwa mmene mwakhalira pa mudzi wa eni, kutumidwa ngati mnyamata ndevu zili pakamwa. Ndikudziwa kuti kupita kukamasula zitsulo zimenezo kuli ngati kudzivula pa msika. N'chifukwa chake foni yanga mukuiopa. Sindikukunenani kuti ndinu munthu woipa.

Koma achimwene, kubera wakuba ndi kuba ndithu, ngakhale ashehe mukawafunse. Ndipo amene akulipira si wachinyengo uja ayi. Amalume a ku Namwera ankanena kuti belo la fodya likapezeka ndi zinyalala pakati, safunsa amene anadinda, amayang'ana nambala yomwe yalembedwa pa chiguduli. Nambala ya pa belo ili ndi ya a Esime. Inu muli pa gombe pomwe wapolisi wa kuno sadzafika mpaka kalekale. Mayi amene sanakuonenipo, amene anakuthandizani kupeza injini chifukwa chongomva kuti ndinu mlongo wanga, ndi amene ali pakamwa pa ng'ona. Manyazi anapha Lambe, koma apa manyazi ndi anu, wakufa ndi wina.

Pempho langa ndi limodzi. Kamasuleni zitsulo ziwirizo, kabuleta ndi pulopela, mubwere nazo nokha ku Mangochi boma pasanafike Lolemba pa 26. A Simioni anyamuka Lachiwiri pa 27 m'mamawa, ndipo akachoka palibenso wina wodalirika amene angafike kuno nthawi isanathe. Musazitsuke, musazipale, musazipake penti. Musanazikulunge yang'anani timadontho titatu tija, mujambule, munditumizire. Musapatsire kondakitala wa lole kapena munthu wongodziwana naye. Msewu ukavuta kwerani boti. Mukafika mugone kwa amayi, muwapatse a Simioni m'manja.

Ndikudziwanso ganizo lomwe lakufikirani pamene mukuwerenga apa, chifukwa tinayamwa bere limodzi. Mukuti mukasaka zitsulo zofanana nazo kwa amakaniko a pa boma, mukhome timadontho ndi msomali wanu, apongozi asadziwe kanthu. Chonde, chonde, musayerekeze. Bambo uja ali ndi zithunzi zoonetsa pamene kadontho kalikonse kali, ndi kukanda kulikonse kwa pa chitsulo. Akatigwira kachiwiri palibenso amene adzamve kuti tinalakwitsa. Adzati ndi ntchito yathu.

Zitsulo zakale za a Lourenco sizinatayike. A kampani anamuuza wogulitsayo kuti zomwe si zake azisunge ndipo adzazibweze, ndipo ndidzazitumiza ndi ulendo wotsatira. Ndikudziwa kuti boti lawo likhalanso pa mchenga pamene usipa wayamba kugwa, ndipo zimenezo si zochepa pa banja. Mulungu akandisunga kuno, kabuleta ina ndidzaifuna m'sitolo, yoti ndiione ndi maso ndi kuigwira ndi manja. Za okushoni ndalapa.

Apa ndilankhule ndi apongozi anu, ngati mwawawerengera mpaka pano. Bambo a Lourenco, ndagwada. Ine ndine mwana, sindiyenera kukuuzani chochita pa injini yanu. Mkamwini wanu sanakupatseni zitsulozo ndi mtima woipa, anafuna kukusangalatsani, ndipo inu simunadziwe kumene zachokera. Koma alamu anga anandiuzapo kuti nthawi ya nkhondo munaoloka malire muli ndi mwana kumsana ndi mphika umodzi, ndipo banja lina la ku Makanjira linakusungani n'kumauza ofunsa kuti ndinu abale awo. Ndiye inu mukudziwa kuposa tonsefe kulemera kwa munthu amene wakubwereka dzina lake m'dziko la eni. Wotero ndi amene ndamuika m'mavuto ine. Ndikupempha kuti mumumasule mkamwini wanu, ndipo musamuchotsere ulemu umene munamupatsa.

Achimwene, ndikuuzeni zomwe ndatsimikiza, kuti musadzati sindinanene. A Simioni akadzafika chimanjamanja, sindidikira kuti galimoto ija idzaime pa geti n'kutenga anthu asanu ndi awiri chifukwa cha ine. Pa 6 Sepitembala m'mawa ndidzapita ndekha kupolisi. Ndikanena kuti injini ndinagula ndine, ndinatumiza ndine, ndinagwedeza mutu ndine, ndipo a Esime anangondibwereka dzina. Ndinawauza a Esime zimenezi dzulo. Anakana, anati tidikire, Mulungu sagona. Koma sindingalole kuti mayi amene ananditola pa depoti akalowe m'chitokosi m'malo mwanga.

Musaganize kuti ndikulemba izi molimba mtima.  Ndikudziwa kuti funso loyamba lidzakhala pasipoti, ndipo akadzaitsegula nkhani ya injini idzakhala yaing'ono. Ndikuopa chitseko chachitsulo. Ndikuopa ku Lindela, ndende ya othamangitsidwa m'dziko, kumene anthu amadikira miyezi osadziwa tsiku lonyamuka. Ndikuopa kufika kumudzi ndi jumbo ya pulasitiki m'manja patatha zaka zinayi, anthu akuloza kuti uyo wa ku Joni uja. Koposa zonse ndikuopa za mwana wanga Awa, amene chaka chino walowa Fomu 3 ndipo akuti akufuna unamwino. Ndikachoka pa makina osokera ano, iyenso wachoka pa desiki. Makina anga aang'ono a m'nyumba ndawapereka kale kwa mnzanga kuti andisungire, ndipo zovala ndalongedza.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka mwendo ali m'katoni yomwe a Simioni anyamula, azipaka m'mawa ndi madzulo. Nkhani iyi musawauze, mtima wawo sungaipirire. Moni kwa alamu anga, ndipo ndikubwereza kuti musawakalipire. Moni kwa apongozi anu aamuna ndi aakazi, kwa amalume ndi azakhali ku Namwera, kwa achemwali athu aakulu ndi amuna awo, ndi kwa ana anu onse, makamaka wamng'ono amene sindinamunyamulepo. Awa mumuuze kuti mayi ake ali bwino, alimbikire sukulu. Nsapato zake zili m'katoni yomweyo. Ndagula zokulirapo dala, chifukwa sindikudziwa ngati ndidzathe kumugulira zina.

Pa chipata cha Mwanza padutsa chimodzi mwa ziwiri, achimwene: zitsulo zija kubwera kuno, kapena mlongo wanu kubwera kumeneko pa basi ya othamangitsidwa. Ine mbali yanga ndasankha kale. Yatsala yanu.

Allah akusungeni pa madzi ndi pa mtunda.

Ndine mlongo wanu wamng'ono,
Shamima